Pulogalamu yatsopano yokonzera zithunzi muiyese yakale ikadalipo

Funso

Ndili ndi situdiyo yaing'ono pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Ndimajambula maukwati, makicheni pate ndi zithunzi za ziphaso. Zokonza ndimachitira mu Lightroom Classic ndi Photoshop, pa laputopu ya RAM ya 8 GB, ndipo ndalama ya mwezi ndi mwezi amandilipirira alongo anga a ku Lusaka. Masiku ano ndikangoyatsa pakumabwera uthenga woti kwatuluka zatsopano. Mwana wa akulu anga akuti ndingodina Update, ati yatsopanoyo imachotsa timadontho tija timadzaza pa zithunzi zojambula mumdima. Koma Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati, ndipo ukangotha kuli Nc'wala. Kodi pali njira yoti ndiyambe ndailawa yatsopanoyo ndisanataye imene ndinaizolowera?

Yankho

Amayi, njira ilipo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanadine. Koma ndiyambe ndi chachangu. Kuyambira lero mpaka mutapereka zithunzi za ukwatiwo ndi za ku Mtenguleni kumene kumachitikira Nc'wala, batani la Update musalikhudze. Tsegulani Creative Cloud, pulogalamu ya kampani ya Adobe yoyang'anira Lightroom ndi Photoshop, mupite pa Preferences, kenako pa Apps, muzimitse Auto-update. Mukapanda kutero, tsiku lina mudzagula bandulo yaikulu, kompyuta n'kudzisinthira yokha inu muli kukhitchini, ndipo mudzazindikira madzi atafika kale m'khosi. Nc'wala imabwera kamodzi pachaka, Loweruka lomaliza la Febuluwale, ndipo kasitomala amene mwamuchedwetsera zithunzi za tsiku limenelo chaka chamawa amapita kwa wina.

Mwana wa akulu anuwo sakunama. Mu Epulo 2023 a Adobe anaika mu Lightroom Classic chida chochotsa timadontho timeneto chotchedwa Denoise, ndipo kwa ife amene timajambula m'matchalitchi a mawindo ang'onoang'ono ndi m'matenti usiku, chinatithandiza kwambiri. Chithunzi chimene kale tinkachitaya chifukwa nkhope yachita ngati yawazidwa mchenga, tsopano chimatha kupulumuka. Koma mwanayo wakuuzani zimene pulogalamu imachita, sanakuuzeni zimene imafuna. Denoise inapangidwira mafayilo a RAW, aja akuluakulu amene amasunga zonse zimene kamera yaona isanazikonze. Ngati kamera yanu mumaisiya pa JPEG kuti memori khadi isadzaze msanga, monga ambiri timachitira pa maukwati, ndiye kuti chinthu chimene mukusinthira pulogalamucho simudzachigwiritsa ntchito n'komwe. Komanso katundu wake wolemera amasenzedwa ndi kachipangizo ka m'kompyuta koona za zithunzi, kamene amisiri amati GPU. Pa makina amphamvu chithunzi chimodzi chimatha m'masekondi. Pa laputopu wamba yopanda GPU yapayokha chimatha kudya mphindi zambiri, fani ili kulira. Muwerengere mphindi zimenezo pa zithunzi za phwando lonse la usiku, muganizirenso maola amene magetsi amakhalapo kwanuko.

N'chifukwa chake maganizo anu oyamba mwailawa ndi olondola. Mlimi wa kwathu kuno akamva kuti ku malo ofufuzira za ulimi ku Msekera kwatuluka mbewu yatsopano ya nsawa, sakazinga Chalimbana yense wa m'nkhokwe. Amabzala mizere ingapo ya yatsopanoyo m'mphepete mwa munda womwewo, pa dothi lomwelo, mvula yomweyo, n'kudikira tsiku lokumba. Pa chikwangwani cha wogulitsa mbewu iliyonse imabereka. Mavidiyo otamanda mapulogalamu atsopano amene mumaona pa YouTube ndi chikwangwani chimenecho: anajambulidwa pa makompyuta amphamvu, ndi zithunzi zosankhidwa kuti zikome. Munda wanu ndi laputopu yanu, pulinta yanu ndi nkhope za makasitomala anu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwire musanachite china chilichonse. Pulogalamu yatsopano imamva chinenero cha yakale, koma yakale simva cha yatsopano. Fayilo imene munakonza zaka zisanu zapitazo itseguka m'yatsopano popanda vuto. Koma yatsopano ikaigwira n'kuisunga mwa njira yake, yakale ikhoza kuikana, kapena kuitsegula zina zitasowa. Ngozi yeniyeni ya kusintha ili pamenepo. Pulogalamu ikakukanikani mukhoza kuichotsa. Ntchito imene yasungidwa m'chinenero chatsopano ndi imene imavuta kubweza.

Ku Photoshop nkhani ndi yofewa. Chaka chilichonse, kawirikawiri cha mu Okutobala, imatuluka ya nambala yatsopano: ya 2024 inali nambala 25, ya 2025 nambala 26. Za manambala osiyana chonchi zimatha kukhala m'kompyuta imodzi, iliyonse m'chipinda chake, osasokonezana. Chimene chimathamangitsa yakale ndi kabokosi kamodzi kamene anthu ambiri sakaona. Mukadina Update pamatuluka kawindo, ndipo pa Advanced options pali timabokosi tiwiri. Koyamba n'konena zosamutsa zimene munaikonzera yakale kuti zilowe m'yatsopano. Kameneko kasiyeni kochongedwa. Kachiwiri n'kochotsa zakale, kali ndi mawu akuti Remove. Kameneko chotsanipo chizindikiro. Mukatero mudzakhala ndi ma Photoshop awiri, ya ntchito ndi yoyesera. Dziwani kuti zimenezi zimatheka pa manambala akuluakulu okha. Kusintha kwakung'ono, monga kuchoka pa 26.1 kupita pa 26.2, kumalowa m'malo mwa inzake. Ilinso ina yotchedwa Photoshop Beta, imene imaikidwa payokha kuti anthu alawe zinthu zisanapse. Imeneyo mukhoza kuseweretsa, koma ntchito ya kasitomala isalowemo.

Ena adzakuuzani kuti musaope, chifukwa mu Creative Cloud, mukadina timadontho titatu pambali pa dzina la pulogalamu, pali Other versions pomwe mungabwezere yakale. N'zoona, koma mndandanda umenewo ndi waufupi: mumakhala ya chaka chino ndi ya chaka chatha. Inu mwanena kuti yanu munaizolowera, ndipo ngati Denoise mulibe ndiye kuti yanu ndi yakale zaka zingapo. Yotero ikachoka yachoka, simudzaipezamonso. Choncho lero lomwe tsegulani pulogalamu iliyonse, mupite pa Help, mudine System Info, mulembe nambala yake m'buku lanu la makasitomala. Kenako muyang'ane mu Other versions ngati nambala imeneyo ilimo. Yankho la funso limeneli ndi limene likuuzeni kukula kwa chisamaliro chimene mukufunika.

Poyesera mu Photoshop yatsopano, musatsegule PSD (fayilo ya Photoshop) yeniyeni ya ntchito. Ikopereni mu foda ina, muitche dzina lina. Ndipo ikakufunsani za Maximize Compatibility posunga, vomerani. Fayilo imakulirapo, koma imasunga mkati mwake chithunzi chophatikiza maleya onse, moti pulogalamu yakale ndi Lightroom zimatha kuiona.

Ku Lightroom Classic ndiye kofunika kudekha, chifukwa kuli katalogi. Katalogi ndi kaundula. Mulibe zithunzi zenizenizo. Muli mbiri ya chithunzi chilichonse: chili mu foda iti, munachiwalitsa motani, munachidula pati, munachipatsa nyenyezi zingati, ndi ziti zimene banja linasankha kuti zilowe mu alubamu. Ndi fayilo ya dzina lothera ndi .lrcat, ndipo kuyambira 2021 imayenda ndi inzake yothera ndi .lrcat-data. Zaka zonse zimene mwakhala pa mpando mukukonza zili m'menemo. Lightroom ya nambala yatsopano ikatseguka imapempha kusintha katalogi. Imapanga ina ya chinenero chatsopano, yakale n'kuisunga pambali. Yatsopanoyo Lightroom yakale singaitsegule. Ndiye mukagwira ntchito milungu itatu m'yatsopano, kenako n'kuganiza zobwerera, mumabwerera ku kaundula wa tsiku lomwe munasinthira. Maukwati onse amene munakonza m'milungu itatuyo amatsalira uko. Onjezani chinanso: mosiyana ndi Photoshop, Creative Cloud imaika Lightroom Classic imodzi yokha pa kompyuta. Yatsopano ikalowa, yakale yatuluka.

Zimenezi ndinaziphunzira mopweteka. Zaka zapitazo ndinajambula ukwati ku Katete, ndinakonza zithunzi masiku atatu, zinangotsala kutsuka. Usiku womaliza ndinaona uthenga ngati wanuwo pa pulogalamu ina imene ndinkagwiritsa ntchito nthawi imeneyo, ndinadina. Ili mkati mosintha kaundula kunagwa mvula ya ziphaliwali, magetsi anathima, ndipo batire la laputopu linali lotha kale. M'mawa kaundula sanatseguke, ndipo ndinalibe wina wosunga padera. Zithunzi zinalipo, koma ntchito yonse ya masiku atatu inapita. Mayi a mkwatibwi anabwera pa minibasi kudzatenga alubamu, atavala chitenje chawo cha pa ukwati, ndipo anabwerera chimanjamanja. Sanandikalipire, anangoti tidzabweranso, ndipo kufatsa kwawoko ndimakukumbukira mpaka lero. Cholakwa chinali changa. Ndinasintha chida ntchito ili m'manja, popanda kope, nyengo ya mvula.

Ndiye chitani motere. Tsekani Lightroom, mukopere foda yonse ya katalogi pa hadi disiki yapadera, mulembe tsiku ndi nambala ya pulogalamu pa dzina la fodayo, disikiyo muizule muisunge m'kabati. Kenako tsegulaninso Lightroom yakale, musankhe zithunzi 40 kapena 50 zoyesera, mupite pa File, mudine Export as Catalog, muchonge kabokosi ka Export negative files. Ikupangirani kakatalogi kakang'ono kokhala ndi makope a zithunzizo. Kameneko ndiye mizere yanu ya m'mphepete mwa munda. Makope ndi ofunika chifukwa ngati mu Catalog Settings munachonga zoti izilemba yokha zosintha mu XMP, chilichonse chimene mungayesere chimakalembedwa pambali pa chithunzi chenichenicho, kapena mkati mwake ngati ndi JPEG.

Njira yabwino kuposa zonse ndi kuyesera pa kompyuta ina. Akaunti imodzi ya Adobe imaloledwa kulowa pa makompyuta awiri, bola muzigwiritsa ntchito imodzi pa nthawi. Funsani alongo anu ngati malo achiwiriwo sanawatenge. Ngati alipo, bwerekani laputopu yofanana mphamvu ndi yanu, muike yatsopano, mutsegule kakatalogi kaja. Musabwereke yamphamvu kuposa yanu, chifukwa ikunamizani. Ngati kompyuta ina palibe, muyesere pa yanu yomweyo, koma pokhapokha nambala yanu yakale ili mu Other versions, komanso sabata imene mulibe ntchito ya munthu. Potsegula musadine chizindikiro cha Lightroom. Dinani kawiri fayilo ya kakatalogi koyesera, kuti kaundula wamkulu asakhudzidwe. Ikapanda kukukomerani mubweze yakale, ndipo musungiretu ndalama ya bandulo, chifukwa kubweza n'kutsitsanso pulogalamu yonse, ndipo mapulogalamu amenewa amadya magigabaiti. Ndimakonda kutsitsa usiku, laputopu itadzaza moto.

Za makina anu ndinene mosabisa. A Adobe amalemba kuti Photoshop imafuna RAM yosachepera 8 GB, ndipo amalimbikitsa 16 GB. Inu muli pa malire enieni. Malire amatanthauza kuti itseguka, sakutanthauza kuti ithamanga, makamaka Lightroom ndi Photoshop zikatseguka pamodzi, WhatsApp ya makasitomala ilinso pa sikirini. Poyesera dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager ituluke, muone pa Memory. Ikamangokhala pafupi kudzaza, ndiye kuti kompyuta yayamba kubwereka malo pa disiki, ndipo ndi pamene mumaona kachizindikiro kakungozungulira. Disiki nayonso ikadzaza, Photoshop imalemba kuti scratch disks are full n'kuima. Nthawi zambiri ndimaona kuti kuwonjezera RAM, kapena kuchotsa hadi disiki yakale kuikamo SSD, kumasintha ntchito ya situdiyo kuposa pulogalamu yatsopano iliyonse. Muonenso Windows yanu. A Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo opanga mapulogalamu amatsatira pang'onopang'ono. Musanatsitse kalikonse werengani tsamba la System requirements la nambala imene mukufunayo.

Tsopano tifike pa zithunzi zoyesera, pamene anthu ambiri amaphonya. Amasankha zithunzi zokongola kale, yatsopano n'kuzikongoletsa, iwo n'kukhutira. Chithunzi chabwino chimakoma m'pulogalamu iliyonse. Sankhani zimene zinakusowetsani tulo. Mukhale cha mkwatibwi wa khungu lakuda atavala diresi loyera, ataima pakhomo pa tchalitchi dzuwa lili paliwombo, chija mukawalitsa nkhope diresi limapsa, mukateteza diresi nkhope imamira. Mukhale cha azimayi a komiti atavala chitenje chofiira chofanana, chifukwa chofiira ndicho chimayamba kusokonekera. Mukhale cha m'tenti ya buluu kapena yobiriwira imene imapaka mtundu wake pa nkhope za anthu onse. Mukhale cha gule wa usiku chimene munakweza ISO, muyeso wothandiza kamera kuona mumdima, mpaka kumapeto. Ngati muli ndi za ku Mtenguleni za chaka chatha, tengani cha amuna akuvina ngoma fumbi lili kobo, zikopa, nthenga ndi zibonga zili m'mwamba. Ngati munapitako ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti, tengani cha gule wamkulu ali pa liwiro. Musaiwale chithunzi chakale cha agogo, chong'ambika, chimene banja linabweretsa kuti muike pa pepala la mwambo wa maliro, ndiponso cha chiphaso cha munthu wa tsitsi loluka ataima pa nsalu yoyera.

Chilichonse mwa zimenezi muchikonze kawiri, m'yakale ndi m'yatsopano, ndipo maso anu akhale pa khungu. Kuzani chithunzi kufika pa 100 peresenti muyang'ane masaya, chipumi ndi m'mbali mwa mphuno. Zida zatsopano zochotsa timadontho ndi zosalaza zikapitirira muyeso zimasandutsa nkhope ya munthu kukhala ngati ya chidole cha m'sitolo. Pa mtsikana mwina sizioneka msanga. Pa agogo zimaoneka: makwinya afufutika, mphini za pa tsaya zasowa, ndipo ana awo akaona amati awa si amayi athu. Kwa ine chithunzi chokhala ndi timchenga pang'ono koma munthu akuzindikirika chimaposa chosalala chimene chasintha mwini wake. Denoise ili ndi muyeso woti mukhoza kuuchepetsa, ndiye yesani pa miyeso iwiri kapena itatu muone pamene khungu likuyambira kufa. Yang'ananinso nthenga ndi mawanga a zikopa ngati sanasanduke phala. Kenako yesani zida zodzisankhira zokha munthu, monga Select Subject, pa tsitsi loluka ndi pa velo ya mkwatibwi. Apa zatsopano nthawi zambiri zimaposadi zakale, ndipo ngati mumasintha kumbuyo kwa zithunzi tsiku ndi tsiku, mwina chimenechi ndicho chingakupindulireni kuposa Denoise imene mwanayo akutamanda.

Gwiritsani ntchito wotchi ya pa foni. Tulutsani zithunzi 50 zija kukhala ma JPEG m'yakale, mulembe mphindi. Chitani chimodzimodzi m'yatsopano. Mtima umanama pa nkhani ya liwiro, chifukwa chinthu chatsopano chimasangalatsa, koma pepala silinama. Mukatero zulani chaja, muzimitsenso intaneti, mubwereze ntchito zomwezo. Laputopu zambiri zimachepetsa mphamvu zikakhala pa batire, ndipo ndi mmene mudzagwirire ntchito masiku ambiri. Mudzaonanso zida zimene zimagona intaneti ikachoka. Generative Fill, imene inabwera mu 2023, ija mumalemba mawu n'kukuchotserani munthu kapena kukuwonjezerani thambo, sigwira ntchito m'kompyuta mwanu. Imatumiza chithunzi ku makompyuta a Adobe n'kudikira yankho, ndipo ili ndi mlingo wa pamwezi. Pa netiweki yofooka mudzadikira, ndipo kumudzi kopanda netiweki simudzaiona n'komwe. Koma Denoise imagwira ntchito m'makina mwanu momwemo.

Mayeso sanathe mpaka mutatsuka. Kasitomala sapachika sikirini pakhoma. Tengani zithunzi zisanu, chilichonse kawiri, mutsukire pa pulinta imodzi ndi pepala limodzi. Kumbuyo mulembe ndi pensulo kuti ichi n'cha yakale, ichi n'cha yatsopano, muzisakanize, mutuluke nazo panja pa khonde pamene pali kuwala kwa dzuwa. Itanani mnzanu wa shopu yoyandikana asankhe zimene zamukomera asanaone kumbuyo. Mitundu ikasiyana kwambiri musafulumire kuda pulogalamu. Yang'anani mu Color Settings ndi pa bokosi lotulutsira zithunzi ngati dongosolo la mitundu likadali pa sRGB, chifukwa malo ambiri otsukira zithunzi amayembekezera imeneyo, ndipo chithunzi cha Adobe RGB chikapita kumakina osaizindikira chimatuluka chofwifwa. Ngati mumapulintira nokha mu situdiyo, onetsetsani kuti yatsopano ikuiona pulinta yanu ndi kukula kwa mapepala anu onse.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene timagwetsa tsiku la ntchito. Ngati munapanga Action yoika tizithunzi ta ziphaso pa pepala limodzi, isungeni panokha: mu bokosi la Actions sankhani gulu lake, mudine Save Actions, ikupatseni fayilo ya .atn. Action imene simunaisunge chonchi imakhala m'zikumbutso za pulogalamu zokha, ndipo ikhoza kusowa posamuka. Chimodzimodzi ma preset a Lightroom, maburashi, mafonti a makhadi a ukwati ndi mapulagini amene munawonjezera. Zonse muziyese chimodzichimodzi m'yatsopano, pakuti opanga amasuntha zinthu ndi kuchotsa zina. Mu 2021 Photoshop inasintha Save As, moti fayilo ya maleya sinkaonetsanso JPEG pa mndandanda, munthu ankayenera kudzera pa Save a Copy. Pasanapite nthawi anaika mu Preferences kabokosi kobwezera njira yakale. Ndi kanthu kochepa, koma kakakupezani anthu asanu ali pa benchi kudikira zithunzi za ziphaso, mumatuluka thukuta. Ichi n'chifukwa chinanso chimene sindithamangira nambala yothera ndi .0. Ndimadikira .1 kapena .2, zolakwika zoyamba zitakonzedwa.

Ndilankhuleko ndi anzathu amene akuwerenga yankho lino koma akadali pa Photoshop CS6 ya 2012 kapena Lightroom 6 ya 2015, zija munthu ankagula kamodzi. Kuyambira 2013 Photoshop yatsopano ndi yalendi, ndipo kulawa kwaulere ndi masiku 7. Amafuna khadi la kubanki poyamba, masikuwo amayamba kuwerengedwa tsiku lolembetsa, ndipo akatha osaletsa amayamba kudula ndalama. Ndiye musalembetse Lachisanu muli ndi ukwati mawa lake. Konzeranitu zithunzi zoyesera, kenako mulembetse. Werengani bwino mtundu wa mgwirizano, chifukwa ulipo wa chaka chonse wolipira mwezi ndi mwezi, umene mukauletsa patapita masiku 14 mumalipira theka la ndalama zotsala. Mtengo wakenso umatsatira ndalama yakunja, ndiye kwacha ikagwa lendi yakwera. Ambiri amafuna kusintha pa chifukwa chimodzi chokha: agula kamera yatsopano ndipo pulogalamu yakale ikukana RAW yake. Mafayilo a CR3, amene Canon inayamba nawo pa EOS M50 mu 2018, CS6 siwadziwa. Koma pali kapulogalamu kaulere ka Adobe DNG Converter kamene kamawasandutsa DNG, yakale n'kuwatsegula. Yesani kameneko musanalowe m'lendi.

Za Photoshop ija anyamata amaikira anthu kuchokera pa fulashi, yothyoledwa loko, mawu anga ndi amodzi: isayandikire kompyuta imene muli zithunzi za anthu. Simudziwa chimene chalowa nayo limodzi, ndipo alipo mavairasi amene amatseka mafayilo onse n'kumafuna dipo. Ngati ndalama palibe, zaulere zenizeni zilipo. GIMP inatulutsa nambala 3.0 mu Malichi 2025. Za RAW kuli darktable ndi RawTherapee. Photopea imatsegula PSD pa intaneti popanda kuika kanthu m'kompyuta. Affinity, imene Canva inagula mu 2024, inakhala yaulere chakumapeto kwa 2025. Koma lamulo la chinenero lija likugwiranso kumeneko: darktable yatsopano imasintha kaundula wake, mapulagini ambiri a GIMP 2.10 sagwira mu 3.0, ndipo mafayilo a Affinity 2 sankatseguka mu Affinity 1. Pa foni ndiye povuta kwambiri, chifukwa Play Store ilibe batani lobwezera yakale. Ngati mumakonzerako zithunzi pa foni, zimitsani kudzisintha kokha, muyambe mwaona yatsopanoyo pa foni ya wina.

Kwa inu, Amayi, ndikanakhala ine ndikanadikira Malichi, pamene ntchito imachepa anthu akudikira kukolola. Photoshop ndikanaika yatsopano pambali pa yakale mosaopa, n'kugwira ntchito zing'onozing'ono m'menemo, yakale n'kudzaichotsa nditapereka maukwati awiri popanda kuitsegula. Lightroom ndikanaigwira ndi manja awiri. Ngati nambala yanu mulibe mu Other versions, musaike yatsopano pa laputopu yanu mpaka mutaiona ikugwira ntchito pa kompyuta ina yofanana nayo. Ndipo Task Manager ikakuonetsani kuti 8 GB ikubanika, yambani mwapita kwa amisiri akaone ngati laputopu yanu imalola kuwonjezera RAM, chifukwa zina anaimatirira pa bolodi.

Pa ukwati wa Lowerukali pali chimodzi chimene mungachite osakhudza kompyuta. Dzuwa likalowa, gule akayamba, sinthani kamera ikhale pa RAW+JPEG. Ma JPEG mukonze monga mwa masiku onse mupereke kwa eni ake. Ma RAW muwasunge mu foda yawoyawo. Muchitenso chimodzimodzi ku Mtenguleni fumbi likakwera. Tengani memori khadi yapadera, chifukwa idzadzaza msanga. Pofika Malichi mudzakhala ndi zithunzi zanuzanu za mumdima ndi za m'fumbi zoti mudzaone nazo ngati Denoise ikuyenera laputopu yanu.